Mafuta, Ndulu ndi Nsinjiro

Inu a ku Misuku, a ku Kameme ndi Ifumbo, a ku Chisenga, Wenya ndi Nthalire, ndi inu a pa boma pa Chitipa pano, lero nkhani yathu ndi ya mafuta. Za mtengo wake tiziike kaye pambali, ngakhale ndikudziwa kuti ndi zimene zikusowetsa tulo amayi ambiri. Ndikufuna tilondole mafuta amene tathira mu ndiwo, tione kumene amapita tikameza, ndiponso chimene chimachititsa kuti mwana wina apindule nawo pamene mnzake, wodya naye mbale imodzi, amangowataya kuchimbudzi.

Thirani madzi m'botolo lomwe mwatsala timafuta tophikira, mutseke, mukhutchumule mwamphamvu. Kwa kanthawi madziwo achita mbuu. Liikeni pansi botololo. Posakhalitsa mafuta abwerera pamwamba, madzi atsala pansi. Ziwirizi sizimvana. Tsono m'kati mwa thupi la munthu mwadzaza madzi. Malovu ndi madzi, timadzi togaya chakudya m'chifu ndi m'matumbo ndi madzi, magazi nawonso mbali yaikulu ndi madzi. Nanga supuni ya mafuta a mpendadzuwa imene mayi wa ku Lufita wathira mu nyemba imadutsa bwanji m'madzi onsewa mpaka kukamanga thupi la mwana wake?

Pali gulu la zinthu zimene ntchito yake ndi kugwirizanitsa mafuta ndi madzi. Asayansi amazitcha ma surfactant, ndipo zikakhala zothira m'chakudya, pa paketi amalemba kuti emulsifier. Kamodzi ka tinthu timeneti kali ndi mbali ziwiri: mbali ina imakonda madzi, ina imakonda mafuta. Kakafika pamene mafuta akumana ndi madzi, kamalowetsa mbali imodzi m'mafuta, ina n'kutsala m'madzi. Tikachuluka, timakuta dontho lonse la mafuta, ndipo dontho lokutidwalo silithanso kuphatikana ndi linzake. Sopo ndi mmodzi wa gulu limeneli. N'chifukwa chake mbale yodyera nyama ya nkhumba siyera ndi madzi okha, koma mukangopaka sopo mafuta aja amagawika timadontho, n'kupita ndi madzi otsukira.

Thupi lathu lili ndi chogwirizanitsa chakechake, ndipo mukuchidziwa bwino. Aliyense amene anatumbulapo nkhuku kapena mbuzi amadziwa kathumba kobiriwira kaja komatirira pa chiwindi. Munthu wotumbula akafika pamenepo amasiya kucheza. Amagwira chiwindi ndi dzanja lamanzere, kampeni n'kumadula pang'onopang'ono mozungulira, kulolera kutaya kanyama pang'ono kusiyana n'kuti aboole kathumbako, chifukwa ndulu ikangophulika nyama yonse yawawa. Timaitaya kutali kuti ingatiwonongere ndiwo. Koma kwa mbuziyo ili moyo, ndiponso kwa ife, madzi owawawo ndi amtengo wapatali. Chiwindi cha munthu wamkulu chimapanga ndulu yokwana pafupifupi theka la lita kapena kuposerapo tsiku lililonse. Kathumba kaja kamangosunga ndi kuikhwimitsa, ndipo chakudya chamafuta chikangotuluka m'chifu kulowa m'matumbo aang'ono, kamafinya, ndulu n'kutsikira pa chakudyacho. Mu ndulu muli michere imene imagwira ntchito yofanana ndi ya sopo. Thupi limaisamala kwambiri michere imeneyi, moti pa magawo 100 alionse, pafupifupi 95 amayamwidwanso kumapeto kwa matumbo aang'ono, n'kubwerera ku chiwindi kuti akagwirenso ntchito. Michere yomweyo imazungulira chotero kangapo pa tsiku.

Komabe ndulu payokha sigaya mafuta. Imangokonza malo. Wogaya weniweni ndi enzayimu yotchedwa lipase, yochokera mu kapamba, chiwalo chija chimene chimatulutsanso insulini. M'chifu mulinso lipase wina amene amayambako ntchitoyi, koma gawo lalikulu limachitikira m'matumbo aang'ono. Amene anazindikira zimenezi anali dokotala wa ku France, Claude Bernard, m'zaka za m'ma 1840. Iye anatumbula akalulu amene anadya chakudya chamafuta, n'kuona kuti timitsempha tonyamula mafuta kuchoka m'matumbo timayamba kuyera kumunsi kwa malo amene timadzi ta kapamba timalowera. Mwa kalulu malo amenewo ali patali ndi pamene ndulu imalowera, choncho zinaonekeratu kuti ndulu yokha sinali kukwanitsa, mpaka kapamba athirepo zake.

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu, ndipo ndikupempha mutchere khutu. Lipase amakhala m'madzi, sangalowe m'kati mwa dontho la mafuta. Amagwira ntchito pakhungu pa dontholo, pamalire pamene mafuta akumana ndi madzi. Inu oweta ng'ombe ku Kameme ndi ku Nthalire mumvetsa msanga. Ng'ombe zikafika pa dziwe, zimene zimamwa ndi zokhazo zapeza poima m'mphepete. Dziwe likhale lakuya bwanji, ngati gombe lake ndi laling'ono, zambiri zidikira kumbuyo. Madzi omwewo mutawagawa m'timaenje tambirimbiri, khola lonse likhoza kumwa nthawi imodzi. Ndipo wina atatchinga gombelo ndi minga, ng'ombe zibwerera ndi ludzu madzi zikuwaona. Ndi mmene zilili ndi lipase. Dontho limodzi lalikulu milimita imodzi, mukaliphwanya kukhala timadontho tochepa ka 1,000 kuposa pamenepo, mupeza timadontho 1 biliyoni, ndipo malo oimapo lipase achuluka ka 1,000. Mafuta ndi omwewo, koma ntchito imene ikanatenga nthawi yaitali imatha msanga.

Kuphwanya timadontho ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo ndi lakuti, pakhungu pa kadonthoko pakhala chiyani? Chogwirizanitsa chilichonse chimene chakuta dontho chatenga malo amene lipase amafuna kuimapo. Ngakhale ndulu yeniyeniyo, ikachuluka, imamukankha lipase kumuchotsa pa dontho. Zimenezi zinawazunguza mutu asayansi kwa nthawi ndithu, kufikira m'zaka za m'ma 1970 pamene gulu la Pierre Desnuelle ku Marseille ndi la Bengt Borgström ku Lund, m'dziko la Sweden, anafotokoza za kapuloteni kena kotchedwa colipase. Nakonso kamachokera mu kapamba. Kamakakamira pa dontho lokutidwa ndi ndulu, n'kumugwira lipase kuti asachoke. Atatuwa akakumana, ndulu, lipase ndi colipase, mafuta amadulidwa tizidutswa, ndulu n'kutinyamula m'timagulu ting'onoting'ono kupita nato ku khoma la matumbo kumene timayamwidwa. Kunyamula kumeneku n'kofunika, chifukwa tizidutswato tikaunjikana pa dontho, nato timatseka njira, ntchito n'kuima. Mwa munthu wathanzi dongosolo limeneli ndi lamphamvu, moti pa magawo 100 a mafuta amene wadya, oposa 95 amalowa m'thupi.

Tsopano bwanji ngati dontholo lafika m'matumbo litavala kale chovala cha kufakitale? Funso limeneli analifufuza akatswiri a pa yunivesite ya Massachusetts ku America, motsogozedwa ndi David Julian McClements. Mu 2007 anafalitsa zimene anapeza atatenga mafuta a chimanga n'kuwaphwanya timadontho tokutidwa ndi zinthu zosiyanasiyana: tina ndi mapuloteni a mu mkaka, tina ndi lecithin, amene amapezeka mu soya ndi m'chikasu cha dzira, tina ndi chogwirizanitsa chopangidwa kufakitale chotchedwa Tween 20. Atathira lipase, timadontho tokutidwa ndi mapuloteni tinagayika kwambiri, ta lecithin tinatsatira, ndipo ta Tween 20 ndi timene tinalimba kuposa tonse. Chifukwa chake n'chakuti puloteni sachedwa kuchotsedwa ndi ndulu, pamene zogwirizanitsa zina za kufakitale zimakakamira pa dontho, osafuna kupereka malo. Kafukufuku wina wotsatira anaonetsanso kuti muyeso ndi umene umalamula: chogwirizanitsa chochepa chikhoza kuthandiza lipase, chomwecho chikachuluka chimamutsekereza, ndipo mitundu ina yamphamvu, ngati ya mu sopo wochapira, imatha kupotoza enzayimuyo kuti isagwirenso ntchito.

Zimenezi zinachitikira m'mabotolo a mu labotale. M'mimba mwa munthu wathanzi ndulu imabwera yambiri, matumbo ndi aatali, ndipo pamapeto pake mafuta ambiri amagayikabe. Chimene chimasintha kwambiri ndi liwiro, komanso malo a m'matumbo amene kugayako kwachitikira, ndipo zimenezo zimakhudza mmene munthu amamvera kukhuta. Koma si tonse tili ndi ndulu yambiri ndi kapamba wamphamvu. Khanda lilibe. Mwana wonyentchera alibe. Kwa amenewa, chovala cha dontho si nkhani yaing'ono.

Ndisanafike kwa anawo, tiyeni tilowe kukhitchini kwathu. Mayi akafuna kutendera, amasinja mtedza mu mtondo mosamala, osalimbitsa musi, chifukwa akapitiriza mtedzawo uyamba kutuluka mafuta n'kumata. Amasefa, zotsala m'sefa n'kubwezeranso mu mtondo. Nkhwani kapena chigwada zikafewa pamoto, amathira nsinjiro pamwamba, kaye osavundula, avindikire kuti nthunzi ilowe. Kenako mthiko ulowe. Msuzi uja unali wamadzimadzi usanduka woyera, wokhuthala, wokuta tsamba lililonse. Yang'anani bwino mu mphikamo: simuona mafuta akuyandama pamwamba, chonsecho pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta. Apita kuti? Ali momwemo. M'kati mwa njere ya mtedza mafuta amakhala m'timatumba tosaoneka ndi maso, kalikonse kokutidwa ndi puloteni ndi tinthu ta mtundu wa lecithin. Musi umaswa zipupa za njereyo, timatumbato n'kumwazika mu msuzi tili tokutidwabe. Zimene mafakitale amalimbana nazo ndi makina okwera mtengo, mayi wa ku Chisenga amazichita ndi mtondo, sefa ndi mthiko. Ndipo chovala cha timadontho take ndi cha puloteni, chimene timadzi ta m'chifu timayamba kuchidula, ndulu n'kudzamaliza kuchivula, lipase n'kupeza poima.

Kusinja kuli ndi phindu linanso. Mtedza wongokazinga, mwana akautafuna mothamanga, tizidutswa tina timatuluka osagayika, mafuta ake ali otsekeredwa m'kati. Wosinja bwino umapereka zambiri. Ine ndimakhumudwa ndikamva ena akunena kuti ndiwo zotendera ndi za anthu osowa, kuti wopeza bwino amadya zokazingira basi. Maganizo amenewo ndi olakwika, ndipo akutayitsa ana athu chakudya chabwino.

Mafuta sayenda okha polowa m'thupi. Mavitamini A, D, E ndi K amasungunuka m'mafuta, ndipo amakwera m'timagulu tomwe tija ta ndulu. Mwana akhoza kudya mbatata yofiira m'kati, maungu, mango, papaya, bonongwe ndi chisoso, koma ngati m'chakudyacho mulibe mafuta ngakhale pang'ono, zambiri zimene zikanasanduka vitamini A zimangodutsa. Sipafunika mafuta ochuluka. Kasupuni kamodzi ka tiyi pa mbale ya mwana, kapena dzanja la nsinjiro, kapena chidutswa cha peyala la ku Misuku, n'zokwanira kutsegula njira. Futali, mbatata yothira nsinjiro ija, ndi chakudya chimene katswiri wa zakudya sangachipezere chifukwa. N'chifukwa chakenso alangizi a zaumoyo akamaphunzitsa za magulu 6 a zakudya, mafuta ali ndi gulu lawolawo.

Dziko lathu linachitapo kanthu pa nkhaniyi. Kafukufuku wa boma wa mu 2001 anapeza kuti ana aang'ono 59 mwa 100 alionse anali operewera vitamini A. Mu 2009 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 22, ndipo pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 chinali chosakwana 4. Zathandiza ndi zambiri: timakapisozi ta vitamini A ta ku sikelo, shuga wothira vitamini A, ndiponso mafuta ophikira othira vitaminiyu, amene malamulo amafuna kuti mafakitale azipanga. Mafuta a mpendadzuwa oyengedwa ndi timakina ta kumudzi kuno nthawi zambiri sakhala othira vitamini A, koma musawanyoze. Ali ndi vitamini E wachilengedwe, ndipo amanyamula bwino lomwe vitamini wochokera m'masamba. Chofunika n'kuwasefa bwino ndi kuwasunga potseka, pamthunzi, kuti asasase.

Tsopano za makanda. Mwana wobadwa kumene chiwindi chake chimapanga ndulu yochepa, ndipo kapamba wake sanayambe kutulutsa lipase wokwanira. Komatu pafupifupi theka la mphamvu zimene amapeza mu mkaka wa m'mawere zimachokera ku mafuta. Zimatheka bwanji? Mkaka wa mayi umabwera ndi zida zake. Mafuta ake ali m'timadontho tokutidwa ndi kakhungu kapadera kochokera m'bere momwemo, ndipo mu mkakamo muli lipase wake amene amadzuka akangokumana ndi ndulu m'matumbo a mwana. Mayi amapereka chakudya pamodzi ndi chogayira chake. Lipase ameneyu mu mkaka wa ng'ombe mulibe, mu mkaka wa m'chitini mulibenso, ndipo amafa mkaka ukatenthetsedwa kwambiri. Uphungu woyamwitsa mwakathithi miyezi 6 uli ndi zifukwa zambiri, ndipo ichi ndi chimodzi mwa izo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ufa woyera wothira mu tiyi kapena khofi, umene ambiri timangouti mkaka. Wina ndi mkaka weniweni, koma wina ayi. Tembenuzani paketi muwerenge. Mukapeza kuti choyamba kulembedwa ndi glucose syrup, chachiwiri mafuta a kanjedza, kenako emulsifier, dziwani kuti umenewo ndi shuga ndi mafuta zovekedwa kuti ziyeretse tiyi. Puloteni ndi wochepa kwambiri. Munthu wamkulu akathira mu khofi wake wa ku Misuku, palibe mlandu. Koma akaupatsa mwana m'malo mwa mkaka, ndi ngozi. Mu 2008 madokotala analemba za zimene zinkachitika m'dziko la Laos, kumene makolo ambiri ankapatsa makanda choyeretsera khofi poganiza kuti ndi mkaka, atanyengeka ndi chithunzi cha pa chitini, ndipo ana ena anadwala matenda otupikana. Kuno kwathu katundu amalowa kuchokera mbali zonse, wa ku Tunduma ndi Isongole m'dziko la Tanzania, wa ku Nakonde m'dziko la Zambia, ndi wobwera pa msewu wa tala wochokera ku Karonga. Wogulitsa akatsegula thumba lalikulu n'kumapimira m'timapepala tapulasitiki topanda dzina, wogula sangadziwe chimene wagula. Amayi, agogo, ngati ndi wa mwana, musagule ufa woyera wopanda chizindikiro.

Mwina wina wayamba kuganiza kuti chilichonse cholembedwa emulsifier ndi poizoni. Ayi. Ndikupatsani umboni wa kwathu konkuno. Chiponde chimene ana onyentchera amalandira kuchipatala chinayambika mu 1996 ndi dokotala wa ku France André Briend pamodzi ndi Michel Lescanne. Kuyambira mu 2001, Dr Mark Manary ndi anzake a ku College of Medicine ku Blantyre anaonetsa kuti mwana wonyentchera akhoza kuchirira pakhomo akudya chiponde chimenechi, m'malo mogonekedwa milungu yambiri m'chipatala, ndipo mu 2004 anayambitsa bungwe la Project Peanut Butter lochipanga kuno ku Malawi. Mu kapaketi kamodzi ka magalamu 92 muli mphamvu zokwana makalori 500, zochokera ku mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere. Opanga amathiramo emulsifier pang'ono. Popanda iye, paketi ikamayenda ulendo wautali wochoka ku Blantyre kudzafika ku Wenya, kapena ikakhala miyezi mosungira katundu motentha, mafuta akhoza kupatuka n'kukwera pamwamba, pansi n'kutsala chouma chovuta kumeza, ndipo mwana sangalandire muyeso wofanana pa kudya kulikonse. Chogwirizanitsa cha kufakitale chimenecho chathandiza kupulumutsa ana osawerengeka.

Ana omwewa atiphunzitsanso za mbali ina ya nkhaniyi. Mu 2016 ofufuza a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anafalitsa zimene anapeza mwa ana ogonekedwa chifukwa chonyentchera kwambiri: oposa 9 mwa 10 alionse kapamba wawo sankatulutsa timadzi togaya chakudya tokwanira. Chaka chomwecho kafukufuku wina wa pa chipatala chomwecho anaonetsa kuti kayendedwe ka michere ya ndulu mwa ana oterewa kamakhalanso kosokonekera. Njala imafooketsa ziwalo zomwe zikanathandiza mwana kutuluka mu njalayo. N'chifukwa chake mwana wofooka kwambiri, wokana kudya kapena wotupa, anamwino samuyamba ndi chiponde. Amayamba ndi mkaka wapadera wopepuka wotchedwa F-75, pang'onopang'ono, mpaka m'mimba mudzuke. Makolo ena amadandaula kuti mwana wawo akumanidwa. Sakumanidwa, akutetezedwa. Ndipo chiponde chikaperekedwa, ndi mankhwala a mwana amene walembedwayo. Bambo wopaka chiponde cha mwana pa buledi wake, kapena munthu wochigulitsa pa msika, akumulanda mwanayo moyo.

Nanga nkhawa yeniyeni pa ma emulsifier ili pati? Ili pa kuchuluka kwake ndi pa mitundu ina. Mu 2015 Benoit Chassaing ndi Andrew Gewirtz a pa yunivesite ya Georgia State ku America anamwetsa mbewa za mu labotale madzi othira mitundu iwiri, polysorbate 80 ndi carboxymethylcellulose, zimene pa paketi zimalembedwa E433 ndi E466. Patapita milungu 12, tizilombo tabwino ta m'matumbo a mbewazo tinali titasintha, kachinyezi koterera koteteza khoma la matumbo kanali katapyapyala, ndipo mbewa zina zinatupa matumbo, zina zinanenepa mosayenera. Mu 2022 anayesa E466 pa anthu 16 okha, ndipo anaonanso kusintha kwa tizilombo ta m'matumbo mwa amene anadya. Mu 2023 kafukufuku wa ku France wotsata anthu oposa 95,000 anapeza kuti odya kwambiri ma emulsifier ena ankadwala mtima mochulukirapo pang'ono. Koma mbewa si munthu, anthu 16 ndi ochepa, ndipo wodya emulsifier wambiri amakhala akudyanso shuga, mchere ndi mafuta ambiri a m'zakudya za m'mapaketi, choncho n'kovuta kuloza chala chimodzi.

Ine maganizo anga ndi awa. Lecithin, wolembedwa E322, thupi limamudziwa, chifukwa mu ndulu momwemo alimo. E471, amene mumamuona pa majarini, buledi ndi mabisiketi, amafanana ndi tizidutswa timene lipase amapanga akamadula mafuta. Paketi imodzi ya mabisiketi pa Khirisimasi sipha munthu. Chondiopsa ndi chizolowezi chimene chikukula pa boma pano ndi m'misika yathu, chomupatsa mwana ndalama ya bisiketi ndi chakumwa chotsekemera m'mawa uliwonse m'malo mwa phala la nsinjiro. Pamenepo mwana wataya kawiri: waphonya chabwino, walandira chimene matumbo ake sanachizolowere. A Malawi Bureau of Standards ali ndi udindo woona zimene zikulowa m'malire athu, ndipo tikuwapempha kuti maso awo azifika kuno kumpoto kwenikweni, osathera m'mizinda. Koma wogula woyamba kudziteteza ndi amene amatembenuza paketi. Ngati agogo satha kuwerenga Chingerezi kapena Chiswahili, mdzukulu wa ku sekondale awawerengere.

Mawu awiri kwa achinyamata ofuna kuchepetsa thupi. Kuli mankhwala otchedwa orlistat amene amatsekereza lipase dala, kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mafuta lituluke osagayika. Amaperekedwa ndi dokotala kwa anthu onenepa mopitirira, ndipo amatsegula m'mimba mwamafuta, kwinaku akutayitsa mavitamini aja. Musagule mapiritsi kapena tiyi wochepetsa thupi kwa munthu wa pa Facebook kapena WhatsApp amene sangakuuzeni zimene zili m'katimo. Kwa tonse, za sopo wotsukira mbale, amene nayenso ndi wa gulu la zogwirizanitsa lija, tsukuluzani bwino ndi madzi oyera musanayanike pa thandala, makamaka kapu ya mwana ndi chigubu cha mkaka kapena chambiko, ndipo sopo waufa muziika patali ndi ana.

Thupi limanena lokha mafuta akamalephera kugayika. Chimbudzi chimatuwa, chimachuluka, chimanunkha mopitirira, chimaoneka chamafuta ndipo chimavuta kutsuka. Munthu amaonda chonsecho akudya. Zikapitirira milungu ingapo, chikhoza kukhala chizindikiro cha tizilombo ta m'matumbo tochokera m'madzi oipa, kapena njira ya ndulu yotsekeka, kapena kapamba wowonongeka, ndipo kwa abambo ambiri chowononga kapamba ndi kachasu wa zaka zambiri. Zimenezi si za kuchipinda kwa sing'anga, pitani kuchipatala. Kwa khanda nkhani ndi yachangu kuposa pamenepo. Mwana akapitirira milungu iwiri maso ali achikasu, chimbudzi chake chili chotuwa m'malo mwa chachikasu, mkodzo uli wakuda, n'kutheka kuti ndulu sikutsika m'matumbo. Vuto limeneli limafuna opaleshoni mwana asanakwane miyezi iwiri kuti pakhale mwayi wabwino. Musadikire tsiku la sikelo. Munyamuleni mupite naye pa chipatala chapafupi kapena cha boma pa Chitipa, ndipo mukawauze anamwino mtundu wa chimbudzicho momveka bwino, osachita manyazi.

Amayi ndi abambo, pokolola mtedza chaka chino musagulitse wonse kwa mavenda. Sankhani wabwino, wouma bwino, wopanda chuku, chifukwa wachuku umawononga chiwindi chomwecho chimene chimapanga ndulu. Sungani thumba la ana. Mwana akakwana miyezi 6, phala lake lisakhale loyera lokhalokha: thiranimo nsinjiro, kapena kasupuni ka mafuta, kapena dzira, kapena peyala, uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.